Ndinayankha dzina la malemu mng'ono wanga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Inu mumandidziwa kuti ndine mayi Lusiya, namwino wopuma ntchito wa kuno ku Balaka. Lero ndaima pano kuti ndikuuzeni kuti dzina limenelo si langa. Ine ndine Esinati. Lusiya anali mng'ono wanga, ndipo anagona kumanda a kwathu, kufupi ndi Nkaya, ine ndisanalembe mayeso a Sitandade 8 kachinayi.

Masiku amenewo kukhoza kokha sikunkathandiza, unkayenera kusankhidwa, ndipo malo kusekondale anali ochepa. Ine ndinakhoza katatu, katatu konseko dzina langa osatuluka. Atsikana amene tinayambira limodzi anali atatha. Ena anakwatiwa atangochoka kuchinamwali cha nsondo, ena anatsalira m'minda ya thonje, ena makolo awo ankaopa kuti sukulu iwasiyitsa Chisilamu. M'kalasi yodzaza anyamata tinatsala atsikana atatu, ndipo ndife tomwe tinkatulutsidwa kukayeserera magule a chipani, anyamata akupitiriza masamu. Ndinali nditakula, moti anyamatawo ankanditcha agogo a Sitandade 8. Ndinkawatukana, koma pobwerera kunyumba ndinkalira.

Chaka chimenecho Lusiya anandipeza m'kalasi momwemo. Sitinakhale limodzi nthawi yaitali. Anadwala mutu masiku anayi basi, n'kutisiya. Patapita mwezi aphunzitsi aakulu anandiitana mu ofesi. Anati, "Esinati, posankha amawadumpha obwereza ndi okula msinkhu. Dzina la mng'ono wako sindinalifufute m'kaundula. Ndi la zaka zochepa, silinalembepo mayeso. Litenge." Kusintha dzina pobwereza kunali kofala, koma kutenga la womwalira ndinali ndisanamvepo. Ndinavomera. Sindikunamizani kuti anandikakamiza, iyayi, sekondale ndinkaifuna ndi mtima wanga wonse. Amayi sindinawauze.

M'mawa uliwonse aphunzitsi akaitana kuti "Lusiya", kalasi yonse inkangoti zii, ine n'kuyankha. Mwana amene ndinkamubereka kumsana, amene ndinaponya dothi pabokosi lake, ndinkamuyankhira kuti alipo. Chaka chonse sindinazolowere.

Kalata inafika ine ndili kudimba. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndiye anapita nayo kwa mkulu wampingo, ndipo iye anawawerengera kuti mwana wawo Lusiya wakhoza bwino ndipo wasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Nditabwera ndinawapeza atakhala pansi pafumbi, kalata ili pamiyendo. Sanakweze mawu. Anati, "Wamufukula mwana wanga. Ndinamuika ine, iwe wamufukula kuti akakulembere mayeso. Ukakwera sitima ndi dzina limenelo ndidziwa kuti ndaika ana awiri."

Masabata awiri sanandilankhule. Bambo anali ku Joni, kunalibe wondipepesera. Tsiku lotsegulira sukulu linkayandikira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikapanda kufika malo anga apatsa wina. Ndikapita, ndataya amayi. Ndikatsala, ndiye kuti ndinamuvutitsa Lusiya pachabe. Ndinapita pamanda ake masana dzuwa likuswa mtengo, ndinagwada, n'kunena kuti, "Mulungu, ndalakwa. Sindikwera sitima pokhapokha amayi anditume okha. Ngati simuwafewetsa mtima, basi, ndikwatiwa." Pemphero lake linali lokwiya, losakoma, koma ndi limene ndinali nalo.

Yankho silinadzere kutchalitchi. Linabwera ndi Abiti Juma, mayi wachisilamu woyandikana nafe, wogulitsa matemba, amene sanapondepo m'kalasi. Mwana wawo Asiyatu tinali limodzi mpaka Sitandade 4, anakwatiwa ali wamng'ono, n'kumwalira pobereka. Kutatsala tsiku limodzi kuti sukulu itsegulidwe, Abiti Juma anabwera, anakhala pamkeka pafupi ndi amayi. Ine ndinali m'nyumba, ndikumva. Kenaka anati, "Amake Esinati, ine wanga ndinaika. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene amatchula dzina lake, anthu amaopa kundiliritsa. Ndimalitchula ndekha ndikamasinja. La mwana wanu likaitanidwa m'mawa uliwonse, ndipo pakakhala woyankha. Ndinamutulutsa sukulu ndine, Asiyatu. Musachite zanga."

Amayi analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Mawa lake anandiperekeza okha kusiteshoni ya Nkaya, atasenza bulangete la Lusiya limene ankalisunga m'sutikesi. Sitima itaima anandipatsa, n'kunena kuti, "Pita. Kumeneko uziyankha bwino, usakamuchititse manyazi. Koma pakhomo panga ndiwe Esinati."

Abale, chimene ndinachita sichinali chowongoka, ndipo sindikuuza mwana aliyense kuti atero. Mulungu sanandipulumutse chifukwa ndinali wolungama, anangondimvera chisoni, ndipo anatuma mayi wosweka mtima kuti akatsegule pakamwa pa wosweka mnzake. Ndikumuthokoza. Ana ambiri abadwira m'manja mwangamu, ndipo ena makolo awo anawatcha Lusiya chifukwa cha ine. Iwe mtsikana amene watsala wekha m'kalasi, amene akukuseka kuti wakula, usachoke. Pemphera ngakhale mokwiya, amamva.

Koma mtengo wake ndinaulipira. Pasatifiketi, pantchito, ngakhale pamtchatho wa ukwati wanga, paliponse panalembedwa Lusiya. Mwamuna wanga anandikwatira ndi dzina limenelo, n'kumandiitana nalo mpaka anamwalira. Amayi okha ndiwo anasunga mawu awo, nthawi zonse ndikafika pakhomo ankati, "Wafika Esinati." Tinawaika kalekale pambali pa mng'ono wanga, ndipo kuyambira pamenepo dzina langalo sindinalimvenso.

Choncho ndili ndi pempho limodzi. Tikatuluka muno, mmodzi wa inu andipatse moni ndi dzina langa. Ambuye akudalitseni.