Wachiwiri Pamzere

Wokonza mawailesi wina, amene anadzipatsa yekha dzina loti Injiniya, anathawidwa ndi mkazi chifukwa cha kompyuta. Mayiyo anasiya foni yake yam'manja pamwamba pa chimakinacho, nati, "Kwatirani chimenechi, ine ndatopa kukhala wachiwiri," n'kubwerera kwa amayi ake, kuseri kwa msika, kumene kuli foni imodzi yokha, ija ya waya. Mtima unkamuwawa Injiniya, kudya osadya, koma kupita kukapepesa wapansi ankati n'kudzitsitsa. Zoyenda wapansi anazisiyira wokonza mawotchi wa pamsika, amene kale ankafunsira mayi yemweyu ndipo mpaka lero alibe foni.

M'malo mwake anasandutsa kompyuta ija kukhala seva, makina olandira ndi kuimba mafoni kudzera pa intaneti, mpaka kufika pa foni za waya. Ali mkati molumikiza nthambo pabalaza, anatulukira mlamu wake, mlonda wa pasitolo, munthu woti ukamuuza kuti ima apa umamupeza pomwepo ngakhale kugwe matalala.

"Odi, alamu! Ndabwera ndi mawu ochokera kwa mlongo wanga."

"Imani pomwepo!" anatero Injiniya, nthambo ili kukamwa. "Kuyambira lero, mawu onse olowa m'nyumba muno azidzera pa seva."

"Onse?"

"Onse. Nambala ndi iyo ndalemba pakhomayo."

Mlamu anavula chipewa, natulutsa foni, naimba. Anaima chilili pafupi ndi Injiniya, moti mapewa awo ankagundana. Sipika ya patebulo inalira, ndipo munatuluka mawu a Injiniya ojambulidwa, onenepa ngati a wowerenga nkhani.

"Takulandirani. Ngati mukufuna kukonzetsa wailesi, dinani wani. Ngati ndinu mkazi wanga, dinani thuu. Ngati ndinu apongozi, dikirani."

"Mwamva?" anatero Injiniya, akudzisisita pamimba.

"Ndamva. Koma ya alamu palibe."

"Dinani iliyonse."

"Wailesi ndilibe. Mkazi wanu sindine. Ndiname?"

"Ndiye ingodikirani ngati apongozi!"

"Chabwino. Koma mukhale mboni kuti sindinanene kuti ndine amayi."

Makina aja anatsokomola. "Ndinu woyamba pamzere. Musadule." Kenako munayamba likhweru, la Injiniya yemweyo, nyimbo yopanda mutu.

Mlamu anamwetulira mpaka mano onse poyera. "Ine woyamba? Chibadwire! Kuchipatala ndimakhala wotsiriza, pampopi wotsiriza."

"Ndiye ubwino wa seva umenewo. Tsopano nenani mawu aja."

"Simunandiyankhe."

"Si ndikukuyankhani pano?"

"Apa mukuyankha ndi pakamwa. Munati pa seva."

Injiniya anafuna kumeza lamulo lake, koma linamukakamira pakhosi. Munthu wotani wophwanya lamulo tsiku lomwelo walikhazikitsa, pamaso pa mlamu? Anagwada, nayamba kusuzumira pansi pa tebulo.

"Mukufuna chiyani, alamu?"

"Pomwe ikulira. Foni yanu ikuyenera kulira penapake kuti ndiyankhe."

"Munaiuza kuti izilira pati?"

Injiniya anadzuka pang'onopang'ono, fumbi lili m'maondo. "Pa foni ya woyankha mafoni."

"Ndani ameneyo?"

"Mkazi wanga."

Onse awiri anayang'ana foni ija pamwamba pa kompyuta, yozima, batire inatha kalekale.

"Mwawalemba ntchito atachoka?"

"Nanga m'nyumba muno amayankha odi ndani? Ine ndimakhala wotanganidwa."

"Ndiye ndidikira abwere andiyankhe, ndiwauze mawu awo, iwo akuuzeni."

"Abwera bwanji ndisanamve mawuwo?"

"Izo n'za seva. Ine ndine kasitomala."

Likhweru linatha, linayambiranso. Mlamu anasintha khutu, nayamba kugwedeza mutu motsatira nyimbo. Dzuwa linali litapendeka, lafika pa mulu wa mawailesi akufa pakona.

"Alamu," anatero Injiniya mofatsa, "tiyeni tichite chonchi. Musanene mawuwo. Mungondipatsa chithunzi. Ndi abwino kapena oipa?"

"Chithunzi nacho n'cholowa m'nyumba."

"Tsono tulukani panja, mundiuzire pawindo."

"Akadutsa pawindo alowa."

"Ndituluke ine!"

"Mukatuluka, adzandiyankha ndani? Ine ndili woyamba."

Injiniya anagwira mutu ndi manja onse awiri. Pomwepo sikirini inaphethira, ndipo panaoneka nambala imene ankaidziwa ngati dzina lake. Foni ya waya ya kwa apongozi.

"Ndi iye! Alamu, ndi mkazi wanga! Yagwira! Mwaona? Intaneti yalankhulana ndi waya!"

"Zikomo kwambiri, mwagwira ntchito."

"Ngati ndinu mkazi wanga, dinani thuu," inatero sipika.

Panalira kabatani. Woimbayo anadina thuu. Injiniya misozi inalengeza, chifukwa sankayembekezera kuti mayiyo angavomerebe dzina limenelo. Anatambasula manja ngati akufuna kukumbatira tebulo.

Makina anatsokomolanso. "Ndinu wachiwiri pamzere."

"Ayi!" anakuwa Injiniya. "Usanene zimenezo! Iwe! Alamu, dulani! Dulani msanga akhale woyamba!"

"Anati musadule."

"Ndani?"

"Inuyo. Mawu anu omwe."

"Ndiye ndi ine ndikuti dulani!"

"Pali inu awiri, alamu. Wa m'makinayu anayamba kulankhula, komanso amalankhula mwaulemu."

"Ndi mlongo wanu ameneyo!"

"Mlongo wanga amadziwa mzere. Tinaleredwa bwino."

Injiniya anadumphira foni ya mlamu. Mlamu, pozolowera akuba a pasitolo, anangoikweza m'mwamba, dzanja lina n'kumugwira Injiniya pachipumi. Anazungulira tebulo choncho, nthambo zikuwakola m'miyendo, wailesi ina n'kugwa pansi n'kuyamba kulira yokha, imene inakanika kukonzeka chaka chatha.

"Foni yanu ndi yofunika kwa ife," inatero sipika mokoma. "Ndinu wachiwiri pamzere." Likhweru.

Nambala ija inazima pa sikirini.

Injiniya anaima, akupuma ngati galu wothamangitsidwa. Anayang'ana seva yake, timagetsi tikuphethira mosangalala, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiona mmene mkazi wake ankaionera. Anawerama, nagwira nthambo ya magetsi, naizula kukhoma ndi pulagi yomwe.

Timagetsi tonse tinazima.

Mlamu anayang'ana foni yake mwachisoni. "Malo anga apita."

"Seva yafa. Lamulo lafa. Nenani!"

"Mwatsimikiza? Musadzati ndinalowetsa mawu mozemba."

"Nenani, alamu, ndagwira mwendo wanu!"

Mlamu anavala chipewa, nakhosomola, naima mowongoka. "Akuti, mukawauze bambo akunyumba abwere okha, ndi miyendo yawo, basi yamadzulo isananyamuke. Akapanda kubwera ndikupita kwa azakhali, kumene kulibe foni ya mtundu uliwonse. Ndikaona kuti akuchedwa ndiimba kamodzi kokha, ndimve ngati ayankhe munthu kapena makina."

"Kamodzi kokha?"

"Ndi kamene kaja."

"Ndiye inu mwakhala ndi mawu amenewa m'kamwa nthawi yonseyi?"

"Ndinawasunga bwino. Palibe limene latayika."

Injiniya sanafunenso nsapato inzake, imene inavuka polimbana paja. Anatuluka ndi imodzi, malaya ali pamtunda, nthambo ikukwekwereka kumwendo, munthu uja amati sayenda wapansi. Ali pageti anatembenuka.

"Basi ija yanyamuka?"

"Ayi, ikadalipo. Koma musadzipweteke n'kuthamanga, alamu."

"Chifukwa?"

"Wamawotchi uja anafika kale m'mawa, wapansi, atavala jekete. Amayi anamupatsa mpando." Mlamu anatseka chitseko bwinobwino, nayesa ngati chatsekeka. "Mukafika mudikire pakhonde. Ndinu wachiwiri pamzere."