Tsiku Lomwe Ndinanyamula Phiri la ku Antarctica

Olemekezeka Abusa a Greyson Chimpeni, mayi Dorothy Kalonga, wapampando wa gulu lathu la Amalawi kuno ku Birmingham, Dr. Helen amene mumaphunzitsa mlongo wanga Limbikani ku yunivesite, amayi, abambo ndi ana nonse.

Ine ndine Zelipa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, ndipo ndimagwira ntchito yosamala agogo ku Walsall. Mundikhululukire, ndiwerenga papepala.

Zithunzi zili pakhomazi anajambula Limbikani chaka chatha, mu 2006, ku Antarctica, kumunsi kwenikweni kwa dziko. Kumeneko kuli mapiri ondondozana mtunda wautali, komwe kulibe mtengo, kulibe mudzi. Mapiriwo anamira mu ayezi, nsonga zokha n'zimene zimaoneka, ndipo kwa miyezi ingapo dzuwa silimalowa. Inu amene munapita kumeneko ndi Limbikani, munagona m'matenti, munapirira mphepo, n'kuyeza mapiri amenewo limodzi ndi limodzi, ndikukupatsani ulemu waukulu.

Nsonga ina inalibe dzina, inali ndi nambala chabe. Dr. Helen anapatsa Limbikani mwayi wosankha dzina, iye n'kulemba langa. Akomiti yoona mayina anakana, akuti dzina la wachibale saloleza. Inatsala sabata imodzi kuti mwayiwo upite kwa wina.

Limbikani anandipeza pa siteji ya basi ndikuchokera ku shifiti kuntchito.

"Achemwali, ndiye mulitche ndinu."

"Iwe, unaona kuti kwathu munthu akutcha dzina mwana asanamunyamule?"

"Ndiye ndikweze phiri m'basi?"

"Wophunzira ndiwe. Ganiza."

M'mawa mwake anabwera ndi mwala wakuda, waung'ono ngati dzira, wochokera pansonga pomwepo. Dr. Helen anam'bwereka kwa tsiku limodzi lokha. Ndinasamba m'manja, ndinaufukata, kenako ndinayang'anitsitsa chithunzi cha phirilo. Muyang'ane inunso, chachitatu kuchokera kuchitseko: phiri lawerama, kaphiri kena kakakamira kumsana kwake, ayezi wawakulunga onse awiri.

Ndinati, "Mbereko."

Tinadikira miyezi isanu. Kalata yafika Lolemba lapitali, ndipo ndaiwerenga kanayi kuopa kuti ndamva molakwa. Akomiti aja avomera.

Ana inu amene mumatiyankha m'Chingerezi, Limbikani walemba dzinalo ndi pensulo pa mapu aakuluwo. Mukalipeze, mukaliwerenge mokweza, amayi anu amve.

Tsopano, mwaulemu wonse, ndikulengeza kuti chionetsero ichi cha zithunzi ndi mapu chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.