Dzimbiri la Kavalo wa Delbert

Delbert Tackett anali ndi sitolo ya zinthu zakale m'mbali mwa msewu wa ku Nashville, ndipo ankalikonda fumbi kuposa abale ake. Lachisanu limenelo kunkabwera mayi wina wa mumzinda kudzagula kavalo wachitsulo, uja amakhala padenga la khola n'kumatembenuka ndi mphepo. Delbert ankadalira kavaloyo kuti amugulira malata, poti denga la sitolo linkadontha ngati sefa. Anangolakwa chimodzi: popita kukameta anauza mlamu wake Earline, mkazi wa malemu mkulu wake Hoyt, kuti ayeretse m'sitolomo mlendo asanafike.

Pobwerako anapeza kavalo ali pakauntala, akunyezimira waliwali.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Kavalo," anatero Earline, akupukuta m'manja.

"Ndikumuona. Dzimbiri lake lili kuti?"

"M'ndowamo. Mukulifuna?"

Delbert anangoti khwethe pampando umene iye mwini anamatapo chipepala choti osakhalapo. Anafotokoza kuti anthu a mumzinda sagula kavalo ayi, amagula dzimbiri, chifukwa chitsulo ali nacho kwawo komweko. Earline anamvetsera mwaulemu, kenaka n'kulangiza kuti ngati zili choncho awagulitse ndowayo, kavalo atsale.

"Kumalekodi a nyimbo uko simunafikeko, eti?"

"Ndafikako. Aja a azibambo a zipewa zazikulu ndi magitala. Ina ija wina anailembalemba ndi peni pachikuto, ndafufuta ndi sipiriti."

"Analemba ndi woyimbayo! Ndi dzanja lake, mu 1961!"

"Ndiye analibe mwambo. Munthu wamkulu kumadzilemba pamphumi?"

Apa mtima unamuwawadi Delbert. Anaimirira n'kuloza kavalo uja, n'kuyamba ulaliki umene makasitomala onse ankaudziwa pamtima: kuti kavaloyo anali ndi zaka zoposa zana, kuti anamupeza pamsika kwa nkhalamba ina ya ndevu yochokera ku Kentucky, kuti anasinthanitsa ndi gitala wake weniweni, ndiponso kuti pa zaka makumi atatu za ntchitoyi diso lake silinanamizidwepo ndi munthu.

"Zaka zoposa zana?" anafunsa Earline.

"Osachotserapo ngakhale tsiku."

"Iii, ndiye Hoyt anafa wamkulu. Ine ndimayesa tinali amsinkhu umodzi."

"Malemu akulowa bwanji m'nkhaniyi?"

Earline anagadabuza kavaloyo. Pamimba, pamene dzimbiri linkabisa, panali podinda bwinobwino: H.T. 1998. Anafotokoza mosathamanga, ngati akunena za kaphikidwe ka nyemba, kuti Hoyt anamudula kuchokera ku chitseko cha galimoto yakufa, kuti nkhalamba ya ndevu ija ndi msuweni wake wa Earline yemweyo ndipo ku Kentucky sanapondeko, ndiponso kuti gitala uja ali kunyumba, pansi pa bedi.

"Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Simunafunse. Munkangotiuza."

Delbert anayang'ana wotchi ya pakhoma, imene sinayendepo chiyigulireni, kenaka anayang'ana kudenga kumene kunkaonekera dzuwa. Mlendo anali pafupi kufika. Anakanda m'mutu momwe wometa anali atangodutsa, natsitsa mawu ngakhale munalibe munthu wina m'sitolomo.

"Ndingofunsa, alamu, osati kuti ndikufuna kuchita. Malemu dzimbiri limeneli ankalibweretsa bwanji?"

"Mchere, vinigala, kenaka kum'kwirira m'khola la nkhumba. La zaka zana limatenga masabata atatu."

"Masabata atatu! Mayiwo afika ola lino."

Earline anavula epuloni, naipinda bwinobwino, n'kutenga makiyi a galimoto pamsomali.

"Ndiye mukanangonena, alamu. M'kholamo mwatsala akavalo anayi. Mukufuna wa zaka zingati?"