Talaka ya a Dayilekita

Khalil wa ku Namitambo, amene pa mafilimu ake oseketsa wolemba ndi iye, dayilekita ndi iye, pulodyusa ndi iye, wonyamula mabenchi ndi iyenso, anali atabwereka kamera kwa Gladson wojambula maukwati, ndipo mwiniwakeyo ananenetsa kuti 3 koloko ikangokwana adzaitenga. Chinatsala chinali chigawo chimodzi chokha, choti mwamuna asiye mkazi pakhonde, kuti Lolemba filimu ikafike kwa bwana wina wa wailesi ya kanema ku Blantyre amene anati, "Ukandiseketsa, ntchito waipeza."

Mwamuna wa mufilimu anali Che Shabani, telala wa pamsika, munthu woti chibadwire sanasekepo, koma aliyense akaona nkhope yawo amagwira nthiti. Mkazi wa mufilimu anali Rabia, mkazi wa Khalil weniweni. Papepala dzina lake linali Tracy, koma akamuitana Tracy sankacheuka, ndiye anangomubwezera dzina lake lomwe. Anali pamphasa akusenda nandolo, pambali pake chikwama choti chiponyedwe pabwalo. M'chikwamamo munali zovala za Khalil, chifukwa Rabia anakana kuti zitenje zake zigubuduke m'fumbi chifukwa cha luso.

Khalil anadina batani, kagetsi kofiira kanayaka.

"Akishoni!"

Che Shabani anangoima chilili, manja kumbuyo.

"Ndati akishoni, Che Shabani!"

"Ndamva."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Kuti afike."

"Ndani?"

"A Kishoniwo. Mwakhala mukuwaitana kuyambira Lachiwiri, munthu osabwera. Masiku onsewa ine ndimangoyamba pokumverani chisoni."

Khalil anavula chipewa, anachiyang'ana mkati ngati muli nzeru zotsala, anachivalanso.

"Lero ndimvereninso chisoni. Mawu anu ndi ochepa. Mumuloze mkaziyu, munene kuti, mwakuti mwakuti, kenako muponye chikwama. Basi, filimu yatha, tonse tatchuka."

"Mwakuti mwakuti."

"Ayi! Mawu ali papepalawo!"

Che Shabani anatulutsa pepala m'thumba la malaya, momwe munalinso tepi yoyezera ndi choko, analitambasula bwinobwino, anawerenga chamumtima milomo ikugwedera. Analipindanso.

"Awa ayi."

"Awa ayi bwanji?"

"Pali talaka apa."

"Eya! Ndi pamene pali phwete ponse. Mwamuna akusiya mkazi chifukwa chothira shuga mu ndiwo. Anthu adzagwa m'mipando."

"Ndingasiye bwanji mkazi woti sindinamukwatire?"

"Munamukwatira. Tsamba lachiwiri."

"Liti?"

"Zaka khumi zapitazo."

"Zaka khumi zapitazo ine ndinali ku Nchema ndikusoka mayunifolomu. Ndowa yake inachitikira kuti? Anamanga ndi shehe uti?"

"Ndowa ndi iyo ili pakhomoyo, yodzaza madzi! Mukufunanso ina?"

Che Shabani anatembenuka, anaiyang'ana ndowayo nthawi ndithu.

"Iyo ndi yotungira. Ine ndikunena ya ukwati."

"Ndikudziwa, achimwene, ndimaseka!"

"Oho. Muzinena."

Rabia anaponya nandolo m'lichero osadzutsa mutu. Khalil anayang'ana dzuwa. Linali litapendeka kale, mthunzi wa mpapaya utafika pa mwendo umodzi wa kamera.

"Tamverani, Che Shabani. Ili ndi sewero. Se-we-ro. Lachitatu munagwa m'ngalande pothawa galu. Kodi kunali galu?"

"Kunalibe."

"Mwaona!"

"Koma ngalande inalipo. Bondo ili likutupabe."

"Chabwino, bondo pepani. Koma ukwatiwu ndi ngati galu uja. Kulibe. Mukungoyerekeza."

"Ngati kulibe, ndikuthetsa chiyani?"

"Ukwati!"

"Umene kulibe."

"Umene ulipo mufilimu!"

"Ndiye ulipo."

"Ulipo koma kulibe!"

"A dayilekita," anatero Che Shabani modekha, "munthu akabwera kwa ine ndi thalauza kuti ndidule miyendo, ndimafuna thalauzalo ndilione. Sindidula mphepo."

"Kati!" anakuwa Khalil, koma batani osalikhudza.

"Ndili pakati kale. Apa khomo, apa mkazi wanu."

Khalil anazungulira mpapaya kawiri. Anakumbukira mafilimu ake atatu oyamba, amene ankayenda pa mamemore khadi m'mavidiyo sho a pa Namitambo. Pa onsewo anthu anaseka malo amodzi okha, pa chigawo cha maliro, pamene iye sanaikepo nthabwala. Nkhope ya telalayu ndiyo inali mwayi wake womaliza. Anabwerera akumwetulira kumwetulira kwa munthu wogulitsa mbuzi yodwala.

"Achimwene anga. Kodi vuto lenileni ndi chiyani?"

"Mawu amenewa sasewera nawo. Ashehe anatiuza ku mzikiti. Ukawatchula kwa mkazi, kaya ukuseka, kaya wakwiya, kaya ukuyesa mmero, agwira basi."

"Koma Mulungu akudziwa kuti ndi filimu!"

"Munamuuza?"

"Amadziwa zonse!"

"Ndiye akudziwanso kuti si mkazi wanga. Ndiime pano, masana ano, ndiname pamaso pake, kamera ikuchitira umboni?"

"Imani kaye. Mwati mawuwa amagwira."

"Amagwira."

"Koma mwatinso si mkazi wanu."

"Si wanga."

"Ndiye sagwira! Tchulani!"

"Akapanda kugwira ndi bodza. Akagwira ndi tsoka. Ndisankhe chiti?"

Khalil anagwira m'mutu ndi manja onse awiri.

"Chabwino! Kwa lero lokha, kuyambira pano mpaka 3 koloko, Rabia ndi mkazi wanu. Ndakupatsani!"

Nandolo zinasiya kugwa m'lichero.

"Mwandipatsa?" anafunsa Che Shabani.

"Ndakupatsani!"

"Amalume ake akudziwa?"

"Amalume ake alowapo bwanji pa filimu?"

"Mkazi sapatsana ngati wilibala, a dayilekita. Pamafunika ankhoswe. Komanso ine ndikanadziwa ndikanavala mkanjo wanga woyera."

"Simukukwatira! Mukusiya!"

"Kusiya ndisanalawe ngakhale tiyi wake? Anthu adzati Shabani ndi munthu wotani?"

"Adzati ndi katswiri! Adzakuonani pa kanema mpaka ku Karonga!"

"Mpaka ku Karonga ndikuthamangitsa mkazi wa mwini. Ndiye azimayi adzabweretsanso nsalu kwa ine?"

Rabia anayambiranso kusenda, koma tsopano khoko lililonse linkathyoka ndi mkokomo. Khalil sanamve. Dayilekita akakhala pantchito amamva mawu a mumutu mwake okha.

"Tisiye za mawu. Tiyambe ndi chikwama. Nyamulani, muponye pabwalo, mumuloze njira."

"Apite kuti?"

"Kwawo!"

"Kwawo ndi kuno."

"Mufilimu nyumbayi ndi yanu!"

Che Shabani anayang'ana denga, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana nyumba ya amayi ake a Rabia kuseri kwa nthochi.

"Filimuyi ikuchitikira dziko liti?"

"Konkuno ku Chiradzulu!"

"Ndiye mwalemba chagada. Kuno banja likatha, amanyamula chikwama ndi mwamuna. Malo ndi a mkazi, nkhokwe ndi ya mkazi, ana ndi a mkazi. Mwamuna chake ndi njinga, ngati anabwera nayo. Inuyo pano si mkamwini? Munabwera ndi chiyani?"

"Wailesi," anatero Rabia, kulankhula koyamba tsikulo. "Yopanda mabatire."

"Rabia, iwe mawu ako ali tsamba lomaliza, ndipo ndi kulira! Che Shabani, mafilimu akunja onse amatero. Mwamuna amaloza chipata, mkazi amagwada, nyimbo imalira."

"Pano palibe chipata."

"Mulozere ku mpapaya!"

"Akakhale mu mpapaya?"

Kutali, cha kumsewu wochokera ku Mbulumbuzi, kunamveka njinga yamoto. Khalil anaidziwa kulira kwake, inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Anali Gladson. Khalil anaona Lolemba likumudutsa, bwana wa ku Blantyre akuseka nthabwala za munthu wina, iye akubwerera kojambula zithunzi za ziphaso pansi pa mtengo.

"Chokani apo!" Anawakankha Che Shabani, anaima yekha pakhonde. "Zaka zisanu ndi zitatu ndili mu luso limeneli. Penyani kuno muone mmene amachitira akatswiri. Phazi kutsogolo. Chifuwa kunja. Chala chotere." Analoza mkazi wake pakati pa maso. "Rabia, ndakusiya! Talaka!"

Che Shabani anapendeketsa mutu.

"Njinga ija inasokosa. Mwati chiyani?"

"Rabia, ndakusiya! Talaka!"

"Mawu ndamva. Koma chala chinali cha dzanja liti? Ndimayang'ana phazi."

"Lamanja! Penyani bwino, komaliza!" Khalil anakoka mpweya wonse wa pa Namitambo, maso anatuzuka, mtsempha wa pakhosi unaima ngati chingwe cha mbuzi. "Rabia! Ndakusiya! Talakaaa!"

Nkhuku zinathawira kuseri kwa nkhokwe. Ku nyumba ya kuseri kwa nthochi chitseko chinatseguka.

"Mwaona?" anatero Khalil akupuma wefuwefu. "Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Palibe. Kwa inu zatheka bwino kwambiri."

"Ndiye bwerani muchite."

"Zachitika kale."

"Zachitika bwanji?"

Che Shabani anatambasula zala zitatu, kuziwerenga chimodzichimodzi ngati mabatani a malaya.

"Mkazi ndi wanu. Dzina ndi lake. Katatu. Mboni ndine." Analoza kamera. "Ndi kagetsi kofiira ako."

Khalil anacheuka. Kagetsi kanali kakuyaka phee, monga kanayakira chiyambire.

"Iyayi, iyayi, iyayi. Ndimaonetsa chabe! Ndimaphunzitsa!"

"Ndinakuuzani. Kaya ukuseka, kaya ukuyesa mmero."

"Ndimanena Tracy!"

"Tracy munamufufuta nokha Lachiwiri."

"Komanso ndinali nditakupatsani inu mpaka 3 koloko! Nthawi imeneyi sanali wanga!"

"Amalume ake sanavomereze."

Rabia anaimirira, anakutumula makoko pachitenje, anamanga mpango bwino. Ananyamula chikwama chija, osachiponya, anachiika mwaulemu pamapazi a Khalil, anagwadako pang'ono monga anaphunzitsidwira.

"Zonse zilimo," anatero. "Munalongedza nokha m'mawa. Wailesi ndikutumizirani."

Analowa m'nyumba ndi lichero lake. Loko analira kawiri.

"Rabia! Mayi a nyumba! Tsamba lomaliza likuti ulire!"

Zenera linatseguka pang'ono, munatuluka kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene Khalil anakhala akukusaka kwa anthu zaka zisanu ndi zitatu. Zenera linatsekekanso.

Gladson anaimika njinga yamoto, anapita pa kamera osapereka ndi moni, anabweza chithunzi m'mbuyo kuti aone ngati batire latha pa zinthu zanzeru. Anaonera. Anakhala pansi m'fumbi. Anayamba kumenya nthaka ndi chikhatho, misozi ya phwete ili mbwembwembwe, mawu osatuluka.

"Onani," anatero Che Shabani. "Bwana wa ku Blantyre uja ntchito akupatsani."

"Ntchito ndiigonera? Ndikagona kuti ine?" Khalil anawagwira mkono. "Achimwene, inu mumakhala kutsogolo ku mzikiti. Pali njira. Nenani kuti pali njira. Tipite kwa ashehe pompano."

"Tipita. Mwina iwo aona mwina, ine ndi telala chabe. Koma mmene ndinamvera ine, talaka ikatchulidwa katatu njira ndi imodzi."

"Iti?"

"Adikire miyezi yake itatu. Kenako akwatiwe ndi mwamuna wina, ndowa yeniyeni, osati yotungira. Mwamunayo akadzamusiya yekha mwa kufuna kwake, ndiye inu mukhoza kukayambiranso kwa amalume."

Khalil anayang'ana chitseko, anayang'ana chikwama, anayang'ana nkhope ija yosaseka.

"Mwamuna wina... woti ndi munthu wodziwana naye. Wokhulupirika. Woti akhoza kungotchula mawuwo m'mawa mwake."

"Mkanjo woyera ndili nawo," anatero Che Shabani, akubweza pepala m'thumba, pafupi ndi tepi ndi choko. "Koma mwadzionera nokha lero, a dayilekita. Mawu amenewo ine amandivuta kutchula."