Chipewa Kumanda

Chaka chomwe ndinaika mwana wanga Lusekelo, ndinakhala tsiku lina pasiteji ku Tukuyu. Bambo wina wachialubino, chipewa chachikulu kumutu, ankangoyendayenda, mpaka mayi wogulitsa nthochi anatopa naye.

"Achimwene, khalani pansi. Mukundizunguza mutu."

"Ndikhale bwanji? Amayi anga akuwaika masana ano ku Kyela."

"Pepani. Galimoto ibwera."

"Vuto si galimoto, ndi chipewachi. Kumanda amuna amavula, koma ine adokotala anandiletsa. Onani khutuli, anadulapo khansa. Akuti dzuwa likandiwombanso, ibwerera."

"Akuluakulu simungawauze?"

"Amalume anga? Pamaliro a bambo anandivula okha pagulu, amvekere ndi mwano. Ndinasupuka mutu wonse."

"Ndiye mukaime kumbuyo, pamthunzi."

"Mwana woyamba kumbuyo? Dothi ayambe kuponya ndani?"

"Nanga anayamba kukuvekani chipewa ndani?"

"Amayi omwewo. Ndikachiiwala ankandilondola nacho mpaka kusukulu, akukalipa njira yonse."

"Ndiye mukawavulire lero? Adzuka m'bokosimo akutukwaneni! Kaimeni kutsogolo chili kumutu. Amalumewo akakangane ndi mchemwali wawo."