Ulendo Wopanda Kopita

A Bizwick, aja ogula nandolo pa Nsanama, ulendo wawo wapansi unkathera pa chiwaya cha tchipisi kutsidya kwa msewu, ndiye m'mawa umene anatulukira atavala kabudula ndi nsapato zothamangira za pa kaunjika, ngakhale mbuzi zinayamba zasiya kudya. Asanapite patali belu linalira kumbuyo: anali Che Bilali, mkulu wa kabaza amene ankawanyamula tsiku ndi tsiku kuyambira kale, mimba ya a Bizwick isanayambe kubisa lamba. Anayamba ndi moni wa Chiyao.

"Ajimwiche uli, bwana? Pepani ndachedwa, ndimapopa tayala. Kwerani."

"Simunachedwe, Che Bilali. Lero sindikwera."

"Mukwera ya ndani?"

"Ya munthu aliyense iyayi. Ndikuyenda pansi."

Che Bilali anayang'ana nsapato zija, kenako maondo amene dzuwa linali lisanawaonepo, kenako nkhope.

"Mukupita kuti?"

"Sindikupita kulikonse. Ndikafika pa mlatho ndibwerera."

"Pa mlatho mwaiwalapo chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye nditumeni ine, ndikakuonereni kuti palibedi. Inu mukhale pamthunzi apa."

A Bizwick anapitiriza kuyenda, manja akuponyedwa uku ndi uku monga anawaonetsera adokotala. Che Bilali anawatsatira pambali, akupalasa pang'onopang'ono mpaka njinga kumagwedera.

"Bwana, ndinene zoona? Ngati ndi za tsiku lija ndinakugwetserani mu mchenga, ndinapepesa kale."

"Si zimenezo."

"Mayi a Princess akupirikitsani?"

"Iyayi."

"Geni yagwa? Nenani, ndizikunyamulani choncho mpaka zinthu zidzakhale bwino. Munthu wa ulemu ngati inu sangamayende pansi anthu akuona."

"Geni ili bwinobwino. Tamverani. Sabata yatha ndinagwa pa sikelo yanga ya nandolo paja."

"Ndikudziwa, ndinakuthamangitsirani kuchipatala ndine. Tayala lakumbuyo mpaka lero silinachire."

"Adokotala akuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Ndiyenera kuchepetsa thupi. Ndizidya mosamala, ndiziyenda pansi, kapena kupalasa njinga."

"Aa, njinga ndiye mumakwera tsiku lililonse."

"Kupalasa, Che Bilali. Osati kukhala kumbuyo ngati thumba la nandolo n'kumalamula."

"Koma mumalamula bwino. Pa chitunda chilichonse mumati, palasanitu, kodi lero simunadye? Mawu amenewo amandipatsa mphamvu."

"Amakupatsani inu. Ine amandipatsa mimba."

Che Bilali anatsika pa njinga n'kuyamba kuikankha. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamva kuti mtengo wa mango wa pabwalo ukudulidwa.

"Mukufuna kuchepetsa thupi ili? Bwana, alimi amachoka ku Kalembo, kudutsa masikelo onse a pa Liwonde, kudzagulitsa nandolo kwa inu. Mukudziwa chifukwa chake? Amati munthu uyu sangathawe ndi katundu wathu."

"Ndimayesa amati ndine wachilungamo."

"Zimenezonso amanena, koma pambuyo."

"Ndi matenda awa, Che Bilali."

"Iyayi, wodwala amaonda. Taonani ine. Ndimapalasa kuchokera pa swala ya m'mawa ku mzikiti mpaka dzuwa kulowa, ndatsala ngati sipoko. Ndani anandipatsapo mpando pa maliro? Inu mukangotulukira, anthu awiri amanyamuka."

"Amanyamuka awiri chifukwa malo a m'modzi sandikwana."

"Ulemu umenewo."

A Bizwick anaseka, koma kusekako sikunafike patali. Kunena mosabisa, anali ndi mantha. Akulu awo a Yoram, ku Balaka, anali ndi mimba yomweyi, ankaisisita chimodzimodzi akamaseka, ndipo chakudza sichiimba ng'oma: anagwa kuseri kwa golosale, lero amangokhala pakhonde, dzanja limodzi lili lende, akulephera kutchula mayina a ana awo. Ukwati wa mwana wawo Princess unali m'miyezi ikubwerayi, ndipo a Bizwick ankafuna kudzalowa naye m'tchalitchi ndi miyendo yawo, osati kudzanyamulidwa pa mpando.

"Muyambe mawa," anatero Che Bilali. "Lero kukutentha."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndiyamba lero."

"Chabwino. Koma mwadya?"

"Phala lopanda shuga ndi kachibenthu ka papaya."

"Chakudya ndikunena."

"Ndi chomwecho. Dzulo mayi a Princess anandiphikira chisoso chopanda mafuta, ndi kansima kamene mwana wa sukulu akhoza kuika m'thumba la malaya."

"Ndiye mukuti sanakwiye nanu?"

Che Bilali anamasula kajumbo kamene kanali pa handulo. Munali mandasi awiri a mayi Sakina, akazi awo, otentha, mafuta ali nyezinyezi. Maso a a Bizwick anachoka pamsewu, miyendo nayo inayamba kukhotera komweko popanda kuituma.

"Bisani zimenezo."

"Limodzi lokha, loyendera."

"Bisani, ndikukupemphani." Anameza malovu. "Mwaona? Ine ndimadzidziwa. Kutsogoloku ndikatopa ndiyamba kukunyengererani kuti mundinyamule, ndipo pakamwa panga mumapadziwa. Ndikangokhala pa kaliyala apo lero, basi, sindidzayendanso. Lumbirani."

"Ndilumbire chiyani?"

"Kuti lero simundinyamula, ngakhale ndilire."

"Bwana, kwa ife kulumbira si masewera."

"N'chifukwa chake ndikufuna lumbiro lanu. Langa ndinalumbirapo kangapo pa chiwaya paja, mpaka wokazinga amangoyamba kundithirira mchere pa tchipisi ndisanamalize kulumbirako."

Che Bilali anaimika njinga, anakonza chisoti chawo, nakweza chala.

"Wallahi, lero ine Bilali sindinyamula a Bizwick, ngakhale alire."

"Zikomo. Tsopano bwererani ku siteji."

"Iyayi. Mukagwa adzanena kuti ndinali kuti?"

Anayenda choncho, wina akutuluka thukuta, wina akukankha njinga yopanda munthu. Aliyense wodutsa ankacheuka, ndipo Che Bilali, pofuna kuteteza ulemu wa bwana wawo, ankafotokozera aliyense mokweza.

"Geni ili bwino, amayi, musadandaule. Kunyumbanso kuli mtendere. Akungopita pa mlatho, palibe chimene aiwalapo."

"Che Bilali, khalani chete."

"Ndikakhala chete aganiza kuti mwazungulira mutu."

"Nanga mukamanena choncho aganiza chiyani?"

Komabe msewu unkayendeka. A Bizwick anadabwa kuti kuyenda n'kosavuta chonchi, mpaka anayamba kuwerengera mumtima mmene suti yawo yakale idzawakhalire. Atafika pa mlatho anamenya chitsulo cha m'mbali ndi chikhatho ngati munthu amene wagula mlathowo.

"Mwaona? Ndafika. Anthu amangokokomeza zinthu."

"Mwafika ndithu. Mwapeza kuti palibe?"

"Tiyeni tibwerere."

Anatembenuka. Apa m'pamene anaona chimene munthu wokhala pa kaliyala saona: njira yonse ija anali akutsetsereka. Msewu wobwerera ku Nsanama unali utaimirira pamaso pawo, dzuwa litakhala pamwamba pake.

"Chitunda ichi chabwera liti?"

"Chinalipo, bwana. Ndi chija mumandifunsira ngati ndadya."

Anayesa. Anafika pa mtengo woyamba, wachiwiri anangouona. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu n'kuvula nsapato imodzi. Mwini wake woyamba wa nsapatoyo, kulikonse kumene ali kunjako, anali ndi phazi laling'ono. Chidendene chonse chinali matuza, limodzi litaphulika kale.

"Che Bilali."

"Bwana."

"Bweretsani njinga kuno."

"Nayi. Mukufuna mthunzi wake?"

"Ndikufuna kukwera."

"Sizitheka. Ndinalumbira."

"Ndinakulumbiritsani ndine. Ndikukumasulani."

"Sindinalumbire kwa inu, bwana. Inu munali mboni chabe."

"Taonani phazi ili. Ichi si chinyengo, ndi chilonda."

"Ndachiona. Munanenanso kuti pakamwa panu ndizipasamala."

"Koma sindikulira."

"Lumbiro linati ngakhale mulire. Kusalira kuli m'kati momwemo."

A Bizwick anapukuta thukuta ndi malaya. Anayang'ana kumtunda kumene alimi anali atayamba kale kudikira pa sikelo, anayang'ananso phazi.

"Chabwino. Musandinyamule ngati munthu. Mundimange pa kaliyala ngati thumba la nandolo. Ndanena kale kuti ndi chimene ndili."

"Thumba lilibe dzina. Ine ndinatchula dzina."

"Ndiye mukaswa lumbiro chimachitika n'chiyani? Mphezi?"

"Ndiyenera kudyetsa osauka khumi, ndikalephera ndisale kudya masiku atatu. Tandiyang'anani, bwana. Ndisala ndi thupi liti? Chikhala kuti munalumbira ndinu, bwenzi zikugwirizana ndi adokotala."

"Kaitaneni mnzanu, Mohamedi."

Che Bilali anabwerera m'mbuyo ngati awaponda chala.

"Kasitomala wanga akwere njinga ya Mohamedi ine ndili moyo? Ndiponso njinga yake ndi yowotcherera pawiri. Muthera pakati pa chitunda, theka uku theka uku."

"Ndiye nditani? Ndigone pano?"

"Paja munanena za kwawukwawu, ndiye kwawani. Kaya adokotala amalola."

Pamenepo a Bizwick anaseka, ndipo kusekako kunabwera ndi msozi weniweni. Munthu wamkulu, wodziwika kuyambira Nsanama mpaka Ntaja, atakhala mu fumbi ndi nsapato imodzi, atamangidwa ndi nzeru zake zomwe. Anakumbukira a Yoram pakhonde paja, ndipo manyazi ndi mantha zinawagwira pamodzi.

"Mwaona, mwayamba kulira," anatero Che Bilali mwachifundo. "Lumbiro linaoneratu."

"Ndine chitsiru, Che Bilali. Tsiku loyamba lomwe."

"Iyayi, kutsika munatsika bwino kwambiri."

Che Bilali anayamba kubwereza mawu a lumbiro lija chapansipansi ndi kuwawerenga ndi zala. Kenako anawerama n'kuyang'ana phazi.

"Matuza ali ku chidendene kokha?"

"Eya."

"Popalasa chidendene sichigwira ntchito."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinati ine sindikunyamulani. Za inu kupalasa sindinatchule."

A Bizwick anadzuka ndi mwendo umodzi.

"Ndibwerekeni njingayo. Mundipeza ku sikelo."

"Njinga ya kabaza siyenda popanda mwini wake. Ndi lamulo la pa siteji."

"Ndiye muzithamanga pambuyo."

"Ine magazi anga ali bwinobwino, bwana. Adokotala sananditume."

Anayang'anizana. A Bizwick anavala nsapato ija mopondera kumbuyo, anakweza mwendo kawiri osafika, kachitatu anakhala pa chishalo chimene chinalira ngati chitseko chakale. Che Bilali anapukuta khushoni ya pa kaliyala ndi chikhatho, anaiyang'ana mwaulemu, n'kukhalapo.

"Ii, koma ndi pofewa. Zaka zonsezi ndimangomva kwa anthu."

"Gwiritsani. Ndinasiya kupalasa Princess asanabadwe."

Njinga inapita kumanzere, inapita kumanja, inalunjika ku ngalande, kenako inakumbukira msewu. A Bizwick anaponda, mimba ikugunda maondo, mpweya ukutuluka ngati pampu yobooka. Anadutsa mtengo woyamba. Anadutsa wachiwiri uja unawakana. Mtima unkagunda, koma kunali kugunda kwa munthu amene akugwira ntchito, ndipo mwa kamphindi anadziona akulowa m'tchalitchi, Princess atawagwira mkono.

"Amayi, musadabwe," Che Bilali anafuulira mayi wina wosenza dengu amene anali ataima kukamwa kuli yasa. "Geni ili bwino. Lero tili ndi kopita."

"Che Bilali... mawa... nthawi yomweyi."

"Inshallah. Ndibwera ndi kapilo kena ka kumsana."

Pakati pa chitunda njinga inayamba kufooka mpaka kutsala pang'ono kuima. Kumbuyo kunamveka kajumbo kakumasulidwa, fungo la mandasi linadutsa paphewa la a Bizwick, ndipo Che Bilali, kukamwa kutadzaza, anawagogoda pamsana ndi chala.

"Palasanitu, bwana. Kodi lero simunadye?"