Samani Yafika pa Geti

Mlonda wa pa fakitale ya sopo anasumira bwana wake chifukwa cha malipiro a miyezi isanu, mwini nyumba atamuzulira kale chitseko. Lolemba masana mesenjala wa khoti anafika pa geti, thukuta lili kamukamu, samani ili m'manja, ndipo amene anamutsekera njira anali mlonda yemweyo.

"Munapangana nawo bwana?" anafunsa mlonda.

"Akulu, samaniyi ndi ya mlandu wanu womwe."

"Ndikudziwa, ndinadinda chala ndine. Koma munapangana nawo?"

Mesenjala anafotokoza modekha kuti pepalalo liyenera kufika m'manja mwa bwana, asaine, apo ayi mlandu suyamba. Mlonda anavomereza zonse ndi mutu, kwinaku akukhoma loko.

"Ndiye kawaitaneni."

"Geti ndilisiyire ndani? Zaka zisanu ndi ziwiri sindinachokepo pano."

"Koma sakukulipiranitu."

"N'chifukwa chake ndinawasumira. Mlandu ndi kwina, ntchito ndi kwina."

Mlonda anamuuza kuti aponye kalatayo m'bokosi la pa geti, iye akaipereka poweruka. Mesenjala anatsegula kabuku kake, n'kuloza mzere ndi chala: palembedwa "m'manja," ndipo bokosi lilibe manja.

"Nanga ndikalumpha mpanda?"

"Ndikumangani. Mundikhululukire, koma ndikumangani."

Ali mkati mokokana choncho, hutala inalira. Galimoto ya bwana inali kutuluka. Mlonda anathamanga kukatsegula geti, anakankhira mesenjala pambali ndi ndodo, n'kuima chilili, dzanja pachipumi. Kunena zoona zinali zomvetsa chisoni, munthu wa nsapato zobooka kupereka ulemu wotere kwa amene akumugoneka ndi njala. Bwana sanatsitse n'komwe galasi, anangowasiyira fumbi.

"Aa, akulu, si amenewo ndimawafuna?"

"Ndi omwewo. Alendo saloledwa kuimitsa galimoto."

Apa mesenjala mtima unamukwera. Anasolola cholembera m'thumba.

"Basi. Ndilemba kuti ndalephera kupereka samani chifukwa mlonda wa fakitale ino, ali pa ntchito, atavala yunifolomu, wandikaniza kulowa. Mukadziyankhire nokha kwa woweruza."

Mlonda anavula chipewa, anatembenuka, n'kuwerama kuti mesenjala alembere bwino pamsana pake.

"Lembani, achimwene, musathamange. Muikepo dzina langa, tsiku ndi chidindo. Bwana akuuza aliyense kuti ine sanandilembepo ntchito."